Masilaidi 42 pa mphindi 15: tichotse ziti pa pulezentesheni ya mapurosesa?

Kachiwala_3
Moni nonse akuluakulu. Gulu lathu la anthu anayi likuyenera kukafotokoza m'kalasi Lachinayi likubwerali, pa kosi ya computer architecture. Mutu umene tapatsidwa ndi "luso la mapurosesa amakono", basi. Nthawi ndi mphindi 15, kenako 5 za mafunso. Masilaidi akwana 42: mbiri kuyambira pa Intel 4004, von Neumann ndi Harvard, RISC ndi CISC, pipeline, cache, ma core ambiri, GPU, lamulo la Moore, ndi makompyuta a quantum kumapeto. Poyeserera zikutenga mphindi 38, ndipo palibe amene akulola kuti mbali yake idulidwe. Tichotse ziti? Nanga mafunso amene amakola anthu kwambiri ndi ati?

Tsabola_Wakale
Mphindi 15 ndi masekondi 900. Gawani ndi 42, silaidi iliyonse ipeza masekondi 21. Ameneyo ndi kanema, achimwene.

Mayi_wa_Labu
Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwatola mitu 9 koma mulibe funso limene mukuyankha, n'chifukwa chake simukudziwa chochotsa. Sankhani funso limodzi. Ine ndikanatenga ili: n'chifukwa chiyani purosesa ya ma GHz ochepa imatha kuposa ya ma GHz ambiri?

Yankho lake lili mu samu imodzi. Nthawi imene pulogalamu imatenga ndi chiwerengero cha malangizo, kuchulukitsa ndi ma cycle (kugunda kwa clock) amene langizo limodzi limadya mwapakatikati, amene timati CPI, kugawa ndi liwiro la clock. Lembani zimenezi pa silaidi yachiwiri ndipo muike manambala nthawi yomweyo. Tiyerekeze pulogalamu ya malangizo 1 biliyoni. Purosesa A ikuthamanga pa 4 GHz ndi CPI ya 2, imaliza m'masekondi 0.5. Purosesa B ikuthamanga pa 3 GHz ndi CPI ya 1.2, imaliza m'masekondi 0.4. B yapambana chikhalirecho clock yake ndi yotsika.

Mukatero kugawana kumabwera kokha. Woyamba atenge chiwerengero cha malangizo, ndiye nkhani ya ISA (mndandanda wa malangizo amene purosesa imamva) ndi compiler (pulogalamu yomasulira code kukhala malangizowo). Wachiwiri atenge pipeline (kugawa ntchito ya langizo m'magawo otsatizana) ndi branch prediction (kulosera mbali imene pulogalamu idzakhotere). Wachitatu cache, ka memory kakang'ono kofulumira ka mkati mwa purosesa. Awiriwa onse akufotokoza chimene chimakweza kapena kutsitsa CPI. Wachinayi atenge clock, kutentha, ndi chifukwa chimene tinafikira pa ma core ambiri. Aliyense mphindi 3, zotsalazo poyambira ndi potsekera. Quantum ndi GPU zichoke zonse.

Kachiwala_3
Zikomo mayi. Koma amene anakonza za quantum sandimvetsa.

Tsabola_Wakale
Mufunseni afotokoze qubit osayang'ana pepala. Akakanika, wazichotsa yekha.

Bongololo_x86
Ndikugwirizana ndi Mayi_wa_Labu, ndipo chitsanzo chenicheni cha funso limeneli chilipo kale m'mbiri ya Intel. Pentium 4 ya mtundu wa Prescott, ya 2004, inali ndi pipeline ya magawo 31 ndipo inafika pa 3.8 GHz. Mu 2006 kunabwera Core 2 Duo, pipeline ya magawo 14, ndipo E6600 ya 2.4 GHz inkaisiya kumbuyo. Silaidi imodzi ya zimenezi ikuposa masilaidi 8 a mbiri.

Nyerere_pa_Waya
Chenjerani pamenepo. Wina kumbuyo adzakweza mkono n'kunena kuti Core 2 Duo ili ndi ma core awiri (mapurosesa awiri pa chip imodzi), ndiye mpikisanowo si wachilungamo. Nenani poyera kuti mukuyerekeza ntchito ya thread imodzi (mzere umodzi wa malangizo) pa core imodzi. Ngakhale pamenepo Core 2 inkapambana, chifukwa inkamaliza malangizo ambiri pa cycle iliyonse, ndipo ikalakwitsa kulosera branch sinkataya ntchito yochuluka ngati Prescott.

Bongololo_x86
Zoona, ndinasiya zimenezo.

Gogo_Transistor
Ndilankhule ndi amene atenge pipeline, chifukwa apa ndi pamene ana asukulu ambiri amagwera.

Chithunzi cha magawo asanu, IF (kutenga langizo), ID (kulimasulira), EX (kuwerengera), MEM (kufikira memory) ndi WB (kulemba yankho), aliyense amachikopera. Chimene ambiri amanena molakwika ndi choti pipeline imafulumizitsa langizo. Ayi. Langizo limodzi limatenga nthawi yomweyo kapena yoposerapo. Chimene chimakwera ndi kuchuluka kwa malangizo amene akumalizika pa sekondi.

Ganizani anyamata asanu akuumba njerwa. Wina akukumba dothi, wina akuponda, wina akuthira m'chikombole, wina akunyamula, wina akukhuthula n'kuyala pabwalo. Njerwa imodzi imadutsabe m'manja onse asanu, koma njerwa zimatuluka motsatizana chifukwa palibe amene wakhala chete. Ndipo woponda dothi akakhala wochedwa, onse amayendera liwiro lake.

Ikani manambala. Tinene kuti magawowo amatenga mapikosekondi 250, 150, 200, 300 ndi 100. Popanda pipeline langizo limatenga 1,000. Ndi pipeline, clock iyenera kudikira gawo lochedwa kwambiri, ndiye cycle ndi 300. Langizo limodzi tsopano likutenga 1,500, lachedwa! Koma pakapita 300 iliyonse limodzi likumalizika, ndiye liwiro lakwera ka 3.3, osati ka 5. Mukalemba "magawo asanu, liwiro kasanu" mphunzitsi aliyense wodziwa adzakuimitsani pomwepo.

Kenako onetsani hazard (chinthu choimitsa pipeline) imodzi yokha, koma muionetse mpaka pansi. Tengani mizere iwiri iyi ya ISA yotchedwa RISC-V:

lw x5, 0(x6)
add x7, x5, x8

Langizo la lw, lotenga nambala ku memory n'kuiika mu register (kamalo kosungira nambala mkati mwa purosesa) x5, lili pa MEM mu cycle 4, ndipo nambala yake ikupezeka kumapeto kwa cycle imeneyo. Langizo la add likufuna nambalayo kumayambiriro kwa EX, imene ikanachitika mu cycle 4 yomweyo. Forwarding, kupatsira nambala mwachindunji ku langizo lotsatira isanalembedwe mu register, singabweze nthawi m'mbuyo, ndiye add imaima cycle imodzi. Popanda forwarding imaima ma cycle awiri, ngati register file imalemba m'theka loyamba la cycle n'kuwerenga m'theka lachiwiri. Funso limene limatsatira nthawi zambiri ndi lakuti, "Nanga compiler ingathandize bwanji?" Yankho: ilowetse pakati pa mizere iwiriyo langizo lina losadalira x5.

Kachiwala_3
Agogo, tebulo la ma cycle limeneli tijambule pa silaidi kapena pa bolodi?

Gogo_Transistor
Pa silaidi, koma mzere uliwonse uzitulukira pawokha. Ndipo wofotokozayo athe kulijambula ndi choko m'masekondi 40 magetsi akathima. Ngati mukufuna lioneke likuyenda, pulogalamu ya Ripes ndi yaulere, imaonetsa malangizo a RISC-V akudutsa m'magawo asanuwo ndipo ili ndi mapurosesa okhala ndi forwarding ndi opanda, mungathe kuyerekeza.

Chiphaliwali
Ine ndikutsutsa zochotsa RISC (malangizo ochepa osavuta, monga ARM) ndi CISC (malangizo ambiri ovuta, monga x86 ya Intel) ngati mutu paokha. Ndi nkhani imene ikutentha panopa. Pafupifupi mafoni onse ali pa ARM, Apple inachoka kwa Intel mu 2020, RISC yapambana chifukwa sidya batire. Aphunzitsi adzayembekezera zimenezo.

Nyerere_pa_Waya
Achimwene a Chiphaliwali, mawu akuti "RISC sidya batire" ndi amene amadyetsa anthu malikisi. Tebulo lija la mizere iwiri, RISC uku CISC uko, likufotokoza dziko la m'ma 1980, nthawi imene David Patterson ku Berkeley ndi John Hennessy ku Stanford ankayamba ntchitoyi. Kuyambira pa Pentium Pro ya 1995, mapurosesa a Intel amaphwanya malangizo a x86 kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, ma micro-op, ndipo mkatimo zimayenda mofanana kwambiri ndi RISC. Mbali inayi, ARM ya masiku ano ili ndi malangizo mazanamazana, ena a vector, ena obisa uthenga. Kuchepa kwa malangizo kuja kunatha kalekale.

Kusiyana kumene kulipobe, ndipo kumene mungakuteteze pamaso pa aliyense, ndi kuwiri. Koyamba, kutalika kwa langizo: la x86 limakhala ma byte kuyambira 1 mpaka 15, la ARM ya 64-bit ndi ma byte 4 nthawi zonse. Ndiye pa ARM decoder imadziwiratu pamene langizo lotsatira likuyambira, ndipo n'zosavuta kumasulira ambiri nthawi imodzi. M1 ya Apple imamasulira 8 pa cycle. Pa x86 muyenera kudziwa kaye kutalika kwa loyamba kuti mupeze lachiwiri. Kwachiwiri, pa RISC masamu amachitikira m'ma register okha, memory imakhudzidwa ndi load ndi store basi, pomwe x86 imalola add kutenga nambala mwachindunji ku memory.

Za batirezo zimadalira kwambiri mamangidwe a core ndi fakitale imene yaipanga. Fugaku ya ku Japan, imene inakhala kompyuta yamphamvu kwambiri padziko mu June 2020, ili pa ARM, ndipo magetsi ake amawerengedwa m'mamegawati.

Chiphaliwali
Ndiye mukuti ISA ilibe ntchito?

Nyerere_pa_Waya
Ndikuti ili ndi ntchito yocheperapo kusiyana ndi mmene tebulolo limanenera. Decoder ya x86 imadyadi malo ndi magetsi, n'chifukwa chake Intel ndi AMD anaikamo cache yosunga ma micro-op omasuliridwa kale. A Kachiwala, pa mbali imeneyi tsegulani tsamba la pa intaneti la Compiler Explorer, lembani function ya mizere itatu yophatikiza manambala a mu array, muonetse zimene zatuluka pa x86-64 ndi pa ARM64 moyandikana. Werengani malangizo mbali zonse. Kenako sinthani -O0 kukhala -O2, kuti compiler ikonze code bwino, muone mmene chiwerengerocho chagwera. Imeneyo ndiye mbali yoyamba ya samu ya Mayi_wa_Labu.

Chiphaliwali
Chabwino, koma silaidi imodzi ya RISC-V ikhalepo. Inayambira ku Berkeley mu 2010, ndipo aliyense angathe kupanga purosesa yake pa ISA imeneyi osalipira chiphaso. Kwa ophunzira kuno ndi khomo lenileni.

Mayi_wa_Labu
Chiganizo chimodzi, osati silaidi.

Mbatata_Yowotcha
Pepani kulowerera. Poti mwatchula mafoni, foni yanga akuti ndi octa-core koma imazizira ngati nkhuku yonyowa. Ma core 8 amenewa amakhala ali kuti?

Bongololo_x86
Ma core 8 a m'mafoni otsika mtengo nthawi zambiri safanana. Tengani MediaTek Helio G85, imene ili m'mafoni ambiri amene timagula kuno: ma core awiri ndi Cortex-A75 pa 2.0 GHz, asanu ndi limodzi ndi Cortex-A55 pa 1.8 GHz. Ma GHz akuyandikana koma mkati ndi zinthu zosiyana. A55 imatsata malangizo mwandondomeko, limodzi likaima kudikira memory ambiri a kumbuyo kwake amaimanso. A75 imatha kudumpha loimalo n'kuchita ena amene ali okonzeka. ARM inalengeza kasakanizidwe kameneka mu 2011, kamatchedwa big.LITTLE, ndipo Intel inachita zofanana pa Alder Lake mu 2021 ndi ma P-core (amphamvu) ndi E-core (osadya magetsi ambiri). Koma kuzizira kwa foni yanu mwina ndi RAM yochepa ndi storage yodzadza, purosesa ikungodikira.

Tsabola_Wakale
Bongololo akudziwa bwino kuti miyendo yambiri si liwiro.

Mayi_wa_Labu
Funso la a Mbatata lisatayidwe, ndi poyambira pabwino kwa munthu wachinayi uja. Afunse kalasi kuti ndani ali ndi foni ya ma core 8, kenako abweretse lamulo la Amdahl la 1967. Anthu khumi angathe kutonola chimanga limodzi, koma ngati chigayo ndi chimodzi, onse akaima pamzere womwewo. Ngati magawo 90 pa 100 a pulogalamu angagawidwe, ma core 8 amapereka 1 kugawa ndi (0.1 kuphatikiza 0.9/8), zimene ndi pafupifupi 4.7. Ngakhale mutaika ma core 1,000 simudzapitirira ka 10. Werengani samuyi pamaso pawo, isangooneka yomalizidwa kale.

Fisi_wa_Linux
Cache palibe amene waikhudza, pomwe ndi mbali yokhayo imene mungaonetse ikuchitika pa laputopu yanu. Nayi njira yake.

Lembani pulogalamu ya C yokhala ndi array ya ma int 4096 kuchulukitsa 4096. Amenewo ndi ma MB 64. Musaiike mkati mwa main ngati variable wamba, chifukwa stack ya Linux nthawi zambiri ndi ma MB 8, ya Windows 1 MB, pulogalamu idzagwa isanayambe. Gwiritsani malloc kapena muilembe kuti static. Dzazani manambala poyamba musanayambe kuyeza nthawi, apo ayi mudzakhala mukuyeza ma page fault, nthawi imene OS ikupatsa pulogalamu malo mu RAM. Kenako phatikizani manambala onse kawiri: koyamba kuyenda chopingasa, mzere ndi mzere, kachiwiri kuyenda chotsika. Masamu ake ndi amodzimodzi, yankho ndi limodzimodzi, koma kachiwiriko kamachedwa kangapo.

Chifukwa chake: C imasunga array mzere ndi mzere, ndipo cache simatenga nambala imodzi, imatenga chidutswa cha ma byte 64, mmene muli ma int 16. Mukamayenda chopingasa, ulendo umodzi wopita ku RAM ukukupatsani manambala 16, komanso prefetcher ikuona kumene mukulowera n'kubweretseratu zotsatira. Mukamayenda chotsika, mukudumpha ma byte 16,384 nthawi iliyonse, mukugwiritsa int imodzi pa 16, ndipo pofika nthawi yofuna yoyandikana nayo chidutswacho chinatulutsidwa kale.

Zimene zimasokoneza chionetserochi ndi zitatu. Mukapanda kusindikiza yankho ndi printf, compiler imaona kuti palibe wolifuna n'kufufuta loop yonse, mudzapeza masekondi 0. Mukagwiritsa -O3, GCC yatsopano imatha kutembenuza ma loop awiriwo yokha, kusiyana kuja n'kusowa, ndiye gwiritsani -O1. Ndipo laputopu ikakhala pa batire imatsitsa clock, manambala sadzafanana ndi amene munalemba pa silaidi. Yezani kasanu ili pa chaja, mutenge nambala yapakati.

Gogo_Transistor
Onjezani ichi, chifukwa mwasankha 4096 ndipo wodziwa adzafunsa. L1 (cache yapafupi kwambiri ndi core) ya 32 KB, 8-way, zidutswa za ma byte 64, ili ndi ma set 64, iliyonse ya malo 8. Werengani: 32,768 kugawa ndi 64 ndi zidutswa 512, kugawa ndi 8 ndi ma set 64. Ndiye pa adiresi ya ma bit 32, offset ndi ma bit 6, index ndi ma bit 6, tag ndi 20 otsalawo. Ma adiresi otalikirana ma byte 4,096, kapena nambala iliyonse yogawika ndi 4,096, amagwera mu set imodzi. 16,384 ndi yotero. Choncho poyenda chotsika mukupanikiza zonse m'malo 8 okha, ma set ena 63 ali chabe. Amenewa ndi ma conflict miss. Yesaninso ndi 4000 m'malo mwa 4096 muone ngati nthawi yasintha. TLB, ka cache kosunga ma adiresi a ma page, nayonso ikuvutika, popeza kudumpha kulikonse kukugwera pa page yatsopano ya 4 KB.

Fisi_wa_Linux
Ndendende. Ndipo amene ali pa Linux alembe lscpu aone kukula kwa L1, L2 ndi L3 za makina ake enieni, pa Windows ndi CPU-Z. Musakopere manambala a pa intaneti, chifukwa ma Intel atsopano ali ndi L1 ya data ya 48 KB, ndipo M1 imagwiritsa zidutswa za ma byte 128. Mukafuna umboni woti vuto ndi cache, perf stat -e cache-misses imawerenga, koma mu virtual machine nthawi zambiri imakana, pamenepo gwiritsani cachegrind ya valgrind.

Kachiwala_3
Cache tingaifotokoze bwanji mwachidule kwa amene aiwala? Pali mawu achichewa?

Mbatata_Yowotcha
Nkhokwe.

Tsabola_Wakale
Nkhokwe ndi yaikulu ndipo ili panja. Imeneyo ndi RAM.

Mayi_wa_Labu
A Tsabola alondola. Ufa umene uli m'dzanja ndi register. Wa m'mbale pafupi ndi moto ndi L1. Chidebe cha m'khitchini ndi L2, thumba la kuchipinda ndi L3, nkhokwe ndi RAM. Ndipo palibe amene amapita kuchipinda kukatapa ufa wa chikho chimodzi, amadzaza mbale, chimene ndi chidutswa cha ma byte 64 chija. Fanizoli lisapitirire masekondi 30, ndipo mudziwe pamene limathera: ufa mukautapa m'thumba umachepa, koma cache imasunga kope, choyambirira chimakhalabe ku RAM. N'chifukwa chake pamakhala nkhani ya write-back (kubwezera ku RAM zimene zasintha mu cache), ndi vuto la ma core awiri kukhala ndi makope osiyana a chinthu chimodzi.

Mawuwo asiyeni akhale cache. Pa mayeso adzalemba cache.

Pambuyo pa fanizo ikani samu. Nthawi yapakatikati yofikira memory ndi nthawi ya hit, kuphatikiza mlingo wa ma miss kuchulukitsa ndi chilango chake. Hit ikakhala cycle 1, ma miss 5 pa 100, chilango ma cycle 100, yankho ndi 6. Tsitsani ma miss afike 2 pa 100, yankho ndi 3. Kusintha kwa 3 pa 100 kwadula nthawi pakati. Anthu amakumbukira zimenezo.

Nyerere_pa_Waya
Ndipo chilango cha 100 si kukokomeza. RAM imayankha pakapita ma nanosekondi 80 mpaka 100, amene pa 3 GHz ndi ma cycle 240 mpaka 300.

Chiphaliwali
Nanga lamulo la Moore? Musandiuze kuti nalonso lichoke.

Gogo_Transistor
Likhale, koma linenedwe molondola. Gordon Moore mu 1965 ananena za kuchuluka kwa tizipangizo pa chip, kuti kumawirikiza chaka chilichonse, ndipo mu 1975 anakonza kuti zaka ziwiri zilizonse. Sananene za liwiro. Muliyese nokha pa silaidi: Intel 4004 ya 1971 inali ndi ma transistor 2,300, Apple M1 ya 2020 ili ndi 16 biliyoni. Kumeneko ndi kuchulukitsa pafupifupi ka 7 miliyoni, kuwirikiza pafupifupi ka 23 m'zaka 49. Zikugwera pa zaka ziwiri ndi pang'ono.

Chimene chinatha ndi china, Dennard scaling ya 1974. Inkanena kuti transistor ikachepa, voltage imatsika nayo, ndiye kutentha pa kadera kofanana sikukwera. Cha m'ma 2005 voltage inasiya kutsika monga kale chifukwa magetsi anayamba kudontha m'ma transistor ngakhale ali otseka. Mphamvu imene purosesa imadya posinthasintha imayendera capacitance, kuchulukitsa voltage, kuchulukitsanso voltage yomweyo, kuchulukitsa clock. Mukakweza clock ndi 20 pa 100 ndipo zikafuna voltage ikwere ndi 10 pa 100, mphamvu yakwera 1.2 kuchulukitsa 1.21, pafupifupi 45 pa 100. Intel inathetsa Tejas, imene inkayenera kulowa m'malo mwa Prescott, mu 2004 pa nkhani yomweyi ya kutentha. Ma transistor anapitiriza kuchuluka, clock inaima, ndiye anawagwiritsa ntchito popanga ma core ambiri ndi cache yaikulu. Mwaona, zabwerera kwa Bongololo ndi Pentium 4 yake.

Bongololo_x86
Komanso musalembe kuti "5 nm ndi kukula kwa transistor". Masiku ano manambalawo ndi mayina a mibadwo ya fakitale, palibe chiwalo chimene chimayeza 5 nm ndendende. Intel inangosintha dzina la 10 nm yake yokonzedwa kukhala Intel 7 mu 2021. Kuwala kwa makina a EUV a ASML, a ku Netherlands, amene kampani ya TSMC imagwiritsa ntchito ku Taiwan popanga ma chip amenewa, ndi kwa 13.5 nm.

Dala_wa_Pulojekita
Nonse mukukamba za mkati mwa chip, ine ndikambe za m'chipinda. Mapulojekita ambiri a m'makalasi athu ndi akale, a VGA, 1024 kuchulukitsa 768. Laputopu yatsopano ilibe VGA, ndiye pezani adaputa ya HDMI kupita ku VGA lisanafike tsikulo ndipo mukaiyese pa pulojekita yomweyo. Masilaidi a 16:9 pa pulojekita yotere amachepa, tebulo la pipeline limasanduka nyerere. Zilembo zisachepere 24, ndipo code ikhale yakuda pa zoyera, chifukwa m'chipinda chopanda makatani masana zilembo zobiriwira pa zakuda sizioneka. Terminal ikulitseni musanayambe.

Sungani fayilo ngati PDF pa flash ziwiri ndi pa foni. Koma dziwani kuti PDF imapha zija zotulukira mzere umodzi umodzi, ndiye tebulo la a Gogo lipangeni masamba osiyana. Chionetsero cha cache chijambuleni kanema wa masekondi 40 ngati chosungira. Compiler Explorer imafuna intaneti, tengani zithunzi zake dzulo lake. Laputopu imodzi yokha kwa onse anayi, kusinthana mawaya kumadya mphindi ziwiri.

Fisi_wa_Linux
Kanema akhale wosungira basi. Chionetsero chenicheni chili ndi mphamvu ina, ndipo ichi chimatha m'masekondi ochepa.

Dala_wa_Pulojekita
Sindikukana. Ndikungoti magetsi sapanga pangano ndi munthu.

Nyerere_pa_Waya
A Kachiwala anafunsanso za mafunso okola. Oyembekezera ndi awa.

"Laputopu yanuyo ndi von Neumann kapena Harvard?" Ambiri amayankha limodzi n'kukodwa. RAM ndi imodzi ya malangizo ndi data, monga von Neumann, koma L1 ndi yogawika pawiri, ya malangizo ndi ya data, kuti IF ndi MEM zisalimbirane khomo limodzi mu cycle imodzi. Harvard yooneka bwino ili pa ATmega328P ya mu Arduino Uno: pulogalamu mu flash ya 32 KB, data mu SRAM ya 2 KB, njira zake zosiyana.

"Hyper-threading imawirikiza ma core?" Ayi. Core ndi imodzi, ili ndi ma register a ma thread awiri, amene amagawana zipangizo zowerengera ndi cache. Thread ina ikaima kudikira memory, inayo imalowa m'mpatamo.

"Bwanji osangopanga pipeline ya magawo 100?" Chifukwa gawo lililonse limafuna ma register apakati amene amadya nthawi yawo, ndipo kulosera branch molakwika kumatayitsa zonse zimene zalowa kale. Tiyerekeze malangizo 20 pa 100 ndi ma branch, 10 pa 100 mwa iwo aloseredwa molakwika, chilango ndi ma cycle 15: CPI ikuchoka pa 1 kufika pa 1.3. Chilango chikakhala 30, ndi 1.6.

Wina akhoza kufunsa za Spectre ndi Meltdown, zofooka za chitetezo m'mapurosesa, zimene zinaululidwa mu January 2018. Yankho lalifupi: purosesa ikachita malangizo mongolosera n'kuzindikira kuti yalakwa, imafufuta zotsatira m'ma register, koma zimene zinalowa mu cache zimatsalamo, ndipo wakuba amayeza nthawi yofikira ma adiresi kuti adziwe chimene chinakhudzidwa. Musaziike pa silaidi, mungozisunga m'mutu.

Mayi_wa_Labu
Ndipo aliyense mwa anayinu athe kuyankha za mbali ya mnzake. Aphunzitsi amakonda kuponya funso la cache kwa amene anafotokoza pipeline.

Kachiwala_3
Tadula, atsala 11. Funso ndi foni ya ma core 8, samu ya nthawi, Pentium 4 ndi Core 2, Compiler Explorer, awiri a pipeline, awiri a cache ndi chionetsero pakati, Moore ndi Dennard pamodzi, Amdahl, ndi lomaliza lobwerera ku samu ija. Poyeserera zakwana mphindi 16. Wa quantum watenga Amdahl ndipo wakhazikika. Vuto latsopano: pa laputopu imene tigwiritse ntchito, loop yachiwiri ikusonyeza nthawi yosiyana ulendo uliwonse, ngakhale ili pa chaja.

Fisi_wa_Linux
Tsekani browser ndi china chilichonse chimene chikugawana nanu L3. Onani ngati purosesayo ili ndi ma P-core ndi E-core, chifukwa pulogalamu ikhoza kugwera pa ina lero, pa ina mawa. Ikhomereni pa core imodzi: pa Linux lembani taskset -c 0 kutsogolo kwa dzina la pulogalamu, pa Windows start /affinity 1. Ulendo woyamba musauwerengere. Ngati ikusinthabe, gwirani pansi pa laputopuyo. Ikakhala yotentha ndiye kuti ikudzitsitsa clock yokha, ichotseni pabedi muiike patebulo, kumbuyo kwake mutsamiritse pa buku kuti mpweya uzilowa.

Gogo_Transistor
Mphindi imodzi yotsalayo ichotseni pa Moore. Siyani 2,300 ndi 16 biliyoni, zaka zina zonse za pakati zipite.

Tsabola_Wakale
Ndipo pasakhale silaidi ya "Zikomo pomvetsera". Pa nthawi ya mafunso pakhale samu ija, kuti muzilozapo poyankha.